Chuma chimene chinapulumuka maliro: za Mayi Anne Cox Chambers

Kuno ku Lusaka bizinesi imakonda kulowa m'manda tsiku limodzi ndi mwini wake. Pitani ku Matero, ku Chilenje kapena ku Kamwala, mufunse akuluakulu za anthu amene anali ndi mabasi, magolosale ndi zigayo m'zaka za m'ma 1980. Mayina akutchulirani bwinobwino, ngakhale kukuuzani kuti uyu anagona ku Chingwere, uyu ku Leopards Hill. Koma mukati mundionetse shopu yake, amangoloza malo pamene lero pali bala ya munthu wina. N'chifukwa chake mbiri ya mayi wina wa ku America, amene anamwalira pa 31 Januwale 2020 ali ndi zaka 100, yakhala ikundizungulira m'mutu.

Dzina lawo ndi Anne Cox Chambers. Olemba za iwo amatchula zinthu zitatu: anali mwana wolowa chuma cha manyuzipepala ndi mawailesi, anakhalapo kazembe wa America ku Belgium, ndiponso ankapereka ndalama zambiri ku ntchito zachifundo. Zonsezo n'zoona. Magazini ya Forbes inkawaika m'gulu la amayi olemera kwambiri ku America, chuma chawo chikuposa madola mabiliyoni 10. Koma ine chandikoka ndi china. Kampani ya banja lawo, Cox Enterprises, inaona maliro a woyambitsa mu 1957, a mwana wake wamwamuna mu 1974, a mng'ono wa mayiwa mu 2007, ndi a iwo eni mu 2020, ndipo mpaka lero ikadali m'manja mwa mbumba yomweyo.

Bambo awo, James M. Cox, anakulira pafamu ku Ohio. Anaphunzitsako sukulu, anagwirako utolankhani, kenako mu 1898, ali ndi zaka 28, anagula kanyuzipepala kena kovutika mumzinda wa Dayton, kamene kanadzakhala Dayton Daily News. Ndale zinawakoka. Anakhala bwanamkubwa wa Ohio katatu, ndipo mu 1920 chipani cha Democratic chinawaimika kuti apikisane pa mpando wa pulezidenti, wachiwiri wawo ali Franklin D. Roosevelt. Chisankho chimenecho chinali chodabwitsa: amene ankalimbana naye, Warren Harding, nayenso anali mwini nyuzipepala wa ku Ohio komweko. Harding anapambana kutali. Anne, amene anabadwa pa 1 Disembala 1919, anali asanakwanitse n'chaka chomwe. Bambowo atagwa sanapite kukalira kumudzi, anabwerera ku makina osindikizira n'kuyamba kugula. Mu 1939 anagula Atlanta Journal pamodzi ndi wailesi ya WSB, mu 1950 anawonjezera Atlanta Constitution, motero nyuzipepala zonse ziwiri zikuluzikulu za mzinda wa Atlanta zinakhala za munthu mmodzi.

Zoti wandale akhale ndi nyuzipepala si zachilendo kwa ife. Roy Welensky anali mwini wa Northern News ya ku Ndola. Dr Alexander Scott, bambo a Guy Scott, anayambitsa Central African Post, ndipo mu 1960 anali mmodzi mwa oyambitsa African Mail. Kusiyana kuli pa zimene zinachitika pambuyo pake. Northern News inadutsa m'manja angapo, kampani ya Lonrho inaigula mu 1964, inasanduka Times of Zambia, ndipo mu 1975 KK analengeza kuti chipani cha UNIP chikuitenga. Mail ija boma linaigula mu 1965, ndiyo Zambia Daily Mail imene tikuidziwayi. The Post ya a Fred M'membe, imene inayamba mu 1991, inakula mpaka kukhala nyuzipepala imene aliyense ankathamangira m'mawa, koma mu Juni 2016 a ZRA anaitseka pa nkhani ya msonkho, eni ake akunena kuti ndi ndale. Inu muweruze nokha. Chimene ndikuona ine n'chakuti kuno nyuzipepala sifika poti mwana n'kuilowa ngati cholowa. Isanafike pamenepo, boma limakhala litaimeza kapena kuitseka.

Koma tisanamizire boma pa zonse, chifukwa zambiri timapha tokha pa nyumba ya maliro.

Ndinakhalapo pamaliro ena ku Chilenje, a bambo amene anali ndi maminibasi ndi kagalaji. Thupi lidakali ku mochale, ife amuna titazungulira moto panja, galimoto yochokera kum'mawa inafika usiku. M'mawa kutacha, mng'ono wa malemu analowa m'chipinda mmene munali amayi, nagwada mwaulemu ndithu, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, makiyi a mabasi aja ali kuti? Tiwasunge ife, pamaliro pamabwera anthu ambiri." Namfedwayo anayankha ali chiweramire kuti, "Alamu, dikirani tiike kaye abale anu." Nkhaniyo inamveka panja nthawi yomweyo, pajatu makoma a ku Chilenje sasunga chinsinsi. Pofika pa mwambo wa mwala, mabasi onse anali atagulitsidwa. Kondakitala wina amene anagwira kwa malemuyo kuyambira ali mnyamata ndinakumana naye akuitanira anthu ku Kulima Tower.

Chodabwitsa n'chakuti pamalirowo palibe amene anaba. Anasankha administireta, anatsata lamulo la 1989 logawira chuma cha munthu womwalira wopanda wilo: 20 peresenti kwa mkazi, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Lamulo limenelo linabwera kudzapulumutsa amayi amasiye amene ankasiyidwa ndi mphasa yokha, ndipo sindingalinyoze. Koma ntchito yake ndi kugawa. Minibasi sungaidule kuti uchotsepo 20 peresenti, ndiye umaigulitsa. Aliyense amalandira zake, amalipira fizi ya chaka chimodzi, amagula malata, basi zatha. Wina akawonjezera mwambo wathu wa Achewa, woti ana a mlongo wa malemu nawonso ali ndi mawu, ndiye kuti pa chinthu chimodzi pagwa manja khumi.

A Cox anachita zosiyana. Umwini wa kampani anauika mu thirasiti, ndiko kuti chumacho chimasungidwa pamodzi ndi anthu osankhidwa, ana amadya phindu lake koma sangangodzuka n'kugulitsa gawo lawo kwa wodutsa. Ndipo banjalo silinali lophweka ayi. Mwana wamwamuna, James Cox Jr., anali wa mkazi woyamba, pamene Anne ndi mng'ono wawo Barbara anali a mkazi wachiwiri. Kwathu kuno, ana a amayi awiri kumbuyo kwa bambo wolemera, tonse tikudziwa kumene nkhani yotere imathera. Kumeneko mwamunayo anayendetsa kampani kuyambira 1957 mpaka imfa yake mu 1974, ndipo ulamuliro unagwera alongo ake awiri aja.

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni ya Mayi Chambers, ndipo ndi nkhani yovuta kuitamanda chifukwa ndi ya zimene sanachite. Sanalowe mu ofesi ya bwana wamkulu. Kampani anaisiya kuti aiyendetse Garner Anthony, mwamuna wa mng'ono wawo, ndipo kuyambira 1988 Jim Kennedy, mwana wa mng'ono wawoyo, amene mwa chikhalidwe chathu tinganene kuti ndi mwana wawo ndithu. Iwo anakhala m'bodi, anali wapampando wa nthambi ya manyuzipepala a ku Atlanta, koma za tsiku ndi tsiku sankazigwira. Ana awo atatu analipo, koma sanaumirire kuti mpando ukhale wa m'mimba mwawo. Unadzafika ku nyumba yawo mu 2018, pamene mdzukulu wawo Alex Taylor anakhala mkulu wa kampaniyo. Zaka 44 zinali zitadutsa chimwalirire mlongo wawo uja.

Wina anena kuti, nanga kukhala phee n'kumalandira ndalama ndi ntchito? Ine ndikuti ndi ntchito, ndipo ambiri imawakanika. Banja la Bingham, la ku Louisville, linali ndi nyuzipepala yolemekezeka kwambiri ya Courier-Journal. Ana anakangana, bambo awo anatopa nazo, mu 1986 zonse zinagulitsidwa. Mayi Katharine Graham anatenga njira ina: anagwira yekha Washington Post kuyambira 1963, nalimbana ndi Pulezidenti Nixon, natchuka dziko lonse. Iyeyo ndiye ngwazi, palibe wotsutsa. Komabe mu 2013 banja lake linagulitsa nyuzipepalayo kwa Jeff Bezos pa madola mamiliyoni 250. Alongo awiri a Cox sanatchuke chotero, koma kwa zaka zoposa 30 anagwirizana osagulitsa, osakokerana kukhoti, ndiponso osakama kampani mpaka kuuma.

Komanso tinene zoona, mabiliyoni aja sanachokere m'nyuzipepala. Mu 1962 kampaniyo inayamba bizinesi ya TV yodzera m'mawaya, imene inadzakula n'kumagulitsanso intaneti. Mu 1968 inagula Manheim, kampani ya okushoni ya magalimoto akale, ndipo kenako inakhala ndi Autotrader ndi Kelley Blue Book, makampani enanso a zamalonda a magalimoto. Ife amene timadikira galimoto ya pa okushoni ya ku Japan kuti itulukire pa Nakonde tikudziwa ndalama zimene zimayenda m'malonda amenewo. Dzina la banjalo linali pa nyuzipepala, koma nkhokwe inali ku mawaya ndi ku magalimoto a salaula. Zimenezo zinatheka chifukwa phindu lambiri linkabwezedwa m'kampani, eni ake osalilanda lonse.

Tsopano za ukazembe, pamene anzanga a pa Facebook angayambe kuseka.

Mayi Chambers anali mnzake wa Jimmy Carter kuyambira kale, mlimi wa mtedza wa ku Plains uja asanakhale n'komwe pulezidenti. Anamuthandiza pa ndale za ku Georgia, kumene anakhala bwanamkubwa kuyambira 1971, ndipo atalowa ku White House mu 1977 anawatumiza ku Brussels, kumene anakhala mpaka 1981. Mayiwa sanaphunzire za ukazembe, sanakwere makwerero a unduna wa zakunja. Anali mnzake wa pulezidenti, wandalama, mwini nyuzipepala za kwawo kwa pulezidentiyo. Kuno boma likasintha n'kutumiza anthu achipani ku maofesi a kazembe, timafuula kuti makada adzaza m'maembase. Ku America mchitidwewo ndi wakale ndipo sabisa: pafupifupi kazembe mmodzi mwa atatu alionse amakhala wosankhidwa mwa ndale, ambiri mwa iwo opereka ndalama pa kampeni. Walter Annenberg, nayenso wolowa chuma cha manyuzipepala, Nixon anamutumiza ku London mu 1969. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko nyumba ya malamulo ya Senate imayenera kuvomereza, ndipo pansi pa kazembeyo pamakhala akatswiri amene ntchitoyo ndi moyo wawo wonse. Kada wa kumeneko amapitanso ndi chikwama chake, sapita kukalemera. Koma ndi kada ndithu, ndipo sindikuona chifukwa chomusinthira dzina poti ndi wa ku Atlanta.

Brussels ya zaka zimenezo sinali malo omwera tiyi okha, ndipo nkhani yake inatikhudza ife. Mu Meyi 1978 zigawenga za FNLC zochokera ku Angola zinadutsa m'kansonga ka dziko lathu cha ku Mwinilunga, n'kukalanda Kolwezi, tauni ya migodi ya mkuwa ndi kobalti ku Zaire ya Mobutu. Anthu mazanamazana anaphedwa. Manyuzipepala a kunja ankawerenga Azungu, ngakhale kuti Aafirika amene anafa anali ochuluka kuposa iwo. France ndi Belgium anatumiza asilikali, ndege za America zikunyamula katundu wawo. Sabata yomweyo KK anali ku Washington, mlendo wa Carter. Belgium, mtsamunda wakale wa Congo, inali pakatikati pa zonsezo, ndipo woimira America kwa Mfumu Baudouin ndi boma lake anali mayi ameneyu. Mu Brussels momwemo America imakhala ndi akazembe enanso awiri, wa ku NATO ndi wa ku mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, choncho katunduyo sanali pamutu pa munthu mmodzi.

Mu 1977, chaka chimene Mayi Chambers anapita ku Brussels, Zambia inatumiza Mayi Gwendoline Konie kukaimira dziko ku United Nations ku New York, atachoka pa ukazembe ku mayiko a Scandinavia. Analibe bambo wa manyuzipepala. Anatsogolera bungwe la UN loona za Namibia pa nthawi imene South Africa inali itakakamira dzikolo, ndipo mu 2001 anaima nawo pa chisankho cha pulezidenti, limodzi ndi Mayi Inonge Mbikusita-Lewanika, mwana wa Litunga, amene anadzakhala kazembe wathu ku Washington. Ndikawaika pafupi amayi atatuwa, mtima wanga uli kwa a Konie. Koma funsani ana a sekondale lero ngati akuwadziwa. Dzina la Mayi Chambers lili pakhoma la nyumba ku Atlanta, ndipo likhalapo nthawi yaitali.

Nyumbayo ndi mbali ya High Museum of Art, yosungiramo zojambula ndi zosema. Pamene inakulitsidwa mu 2005 motsata pulani ya katswiri wa ku Italy Renzo Piano, chigawo chimodzi chinatchedwa dzina lawo. Iwo anali pakati pa opereka ndalama zambiri zoti zinthu za ku myuziyamu ya Louvre ya ku Paris zibwere kudzaonetsedwa ku Atlanta kwa zaka zitatu kuyambira 2006. Ankaikonda France, anali ndi nyumba ndi munda wamaluwa wotchuka ku Provence, ndipo boma la France linawapatsa ulemu wa Légion d'honneur. Anathandizanso mabungwe osamalira agalu ndi amphaka osowa pokhala, ndi bungwe la Communities in Schools lothandiza ana osauka kuti asasiye sukulu.

Pamenepa ndimakhala ndi mitima iwiri. Wopatsa amapatsa kumene mtima wake wakonda, ndipo mtima wa munthu wolemera umakonda zithunzi za ku Paris. Atlanta ndi mzinda umene kusiyana kwa olemera ndi osauka n'kwakukulu zedi, osaukawo ambiri ali anthu akuda. Palibe amene anavotera kuti mamiliyoni apite ku myuziyamu. Ku America wopereka ku zachifundo amachotseredwanso msonkho, ndiye kuti mbali ina ya mphatsoyo imalipiridwa ndi anthu wamba. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo apamwamba amadziwa kuika bwino: amaika dzina. Ndikayerekeza ndi namwino wa ku Kanyama amene pa malipiro ake akuphunzitsa ana atatu a mchemwali wake, akutumiza ya feteleza ku Katete, akusonkha pa maliro alionse a mumpingo, sindikukayika kuti wopatsa kwambiri ndani. Sadzatchedwa dzina lalikulu lililonse. Kwathu zimenezo timangoti ndi udindo.

Komabe kupatsa kwathuko kumathera m'mimba ndi m'manda, ndipo tikulakwa tikamanyoza kwinako. Mwana wa ku Atlanta, wa bambo woyendetsa basi, akhoza kuima kutsogolo kwa chithunzi chojambulidwa zaka mazana apitawo chifukwa mayi wina wolemera anafuna kuti zitero. Kuno zojambula za Henry Tayali ndi anzake zikanabalalika kupita m'nyumba za alendo, pakanapanda anthu ngati Mayi Cynthia Zukas, amene mu 1986 anayambitsa nawo Lechwe Trust kuti izigula ntchito za amisiri a ku Zambia n'kuzisunga m'dziko muno. Olemera athu alipo, nyumba zawo tikuziona ku Kabulonga ndi ku Ibex Hill. Amapereka matumba a ufa pamaso pa kamera chisankho chikayandikira. Laibulale imene wamanga mmodzi wa iwo ndikanakonda wina andionetse.

Pali chinthu chinanso chimene sindingachilumphe. Mwini nyuzipepala akakhala mnzake wa pulezidenti, nakhalanso m'bodi ya banki ndi ya Coca-Cola, monga anachitira mayiwa, mtolankhani wake amalemba akuyang'ana kumbuyo ngakhale wina asamuuze kanthu. Nyuzipepala za Cox zili ndi mbiri yabwino pa zina. Ralph McGill, mkonzi wa Constitution, analemba zotsutsa tsankho pa nthawi imene kutero kunali kuika moyo pachiswe, ndipo analandira mphoto ya Pulitzer mu 1959. Mu 1988 nyuzipepalazo zinaulula mmene mabanki a mu Atlanta ankamanira ngongole za nyumba madera a anthu akuda, nkhani imene inapatanso Pulitzer. Koma chaka chomwecho mkonzi amene ankalimbikitsa utolankhani wofukula woterowo, Bill Kovach, anatula pansi udindo atasemphana ndi mabwana a kampani, atangokhala zaka ziwiri, ndipo anthu ena mumzindawo anachita zionetsero zomuikira kumbuyo. Nyuzipepala ya banja ili ndi mantha akeake, osiyana ndi a nyuzipepala ya boma, koma alipo.

Pa ndale mayiwa sankabisa mbali yawo. Mu 2008, ali ndi zaka 88, mabiliyoni ali kubanki, ankayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti avotere Barack Obama. Ndimayesa kuganiza za mmodzi wa apamwamba athu akugogoda pa mageti a ku Mtendere dzuwa lili pamutu, wopanda chitenje chogawa, ndipo chithunzicho chimakana kubwera. Carter mnzawo uja tinamuona kuno mu Okutobala 1991, atabwera kudzayang'anira chisankho chimene chinachotsa UNIP. Nayenso anafika zaka 100, anamwalira mu Disembala 2024.

Zaka zingapo asanamwalire, Mayi Chambers anagawira ana awo atatu gawo lawo la kampani, pafupifupi theka la zonse, mofanana. Anachita ali moyo, maso ali gwa, zimene ambiri a ife timaziopa poganiza kuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Atachita zimenezo dzina lawo linatsika pa mndandanda wa Forbes, mayina a ana n'kukwerapo.

Kampani imene anasiyira anawo si imene bambo awo anaidziwa. Mu 2019 gawo lalikulu la mawailesi ndi ma TV, kuphatikizapo WSB ija, linagulitsidwa kwa kampani ya zandalama ya Apollo. Nyuzipepala ziwiri za ku Atlanta zinaphatikizidwa kukhala imodzi mu 2001, ndipo mu Ogasiti 2025 Atlanta Journal-Constitution inalengeza kuti chaka chikamatha isiya kusindikiza papepala, izingopezeka pa intaneti. Banja likadali mwini wake, ndipo likutha kulipira atolankhani pa nthawi yovutayi chifukwa ndalama zikuchokera ku bizinesi zina zija. Kuno amene amagulitsa nyuzipepala pa maloboti a Great East Road m'manja mwawo mwachuluka machaja a foni kuposa mapepala, ndipo atolankhani ambiri amene ndimawadziwa amadalira ya thiransipoti imene amapatsidwa pa misonkhano ya anthu omwewo amene akuyenera kuwalemba.